Ng'oma Yotsimphina ya ku Serbia

Ndinabwerera kwathu ku Lunho ndi kachikwama kamodzi, chifukwa anandiuza kuti ndikakhala mwezi umodzi wokha. Nthawi imeneyo ndinali ku Lichinga, ndikuphunzira za magetsi, ndipo mayeso omaliza anali atayandikira. Achemwali anga aakulu ndiwo anaimba foni. Anati Atate agwa akusoka ukonde, mbali yonse ya kumanja yafa, pakamwa papotoka, sakulankhula.

"Ubwere," anatero achemwali. "Ife akazi sitingawasambitse, ukudziwa. Achimwene ako ali ku Nampula, ntchito siingawalole. Watsala ndiwe."

Ine ndine mzime. Abale anga onse anabadwira ku Malawi nthawi ya nkhondo, ine ndekha ndinabadwa makolo atabwerera kuno, ndipo Atate ankakonda kunena kuti ine ndiye mwana wa dothi lino. Ndili mwana ndinkayesa ulemu.

Ntchito ya wodwala ilibe Lamlungu. M'mawa ndinkawanyamula Atate kupita nawo kuseri, kuwasambitsa, kuwaveka, kenako kuwagoneka pamphasa pansi pa mtengo wa mango. Namwino wa ku Metangula anali atatichenjeza kuti tiziwatembenuza pafupipafupi, apo ayi msana uchita zilonda. Choncho sindinkapita patali. Ndikatsika kugombe kukathandiza Amayi kuyala usipa pathandala, khutu limodzi linkatsala kunyumba. Ukonde wathu tinabwereketsa kwa alamu anga, amuna a achemwali, iwo n'kumatipatsako nsomba.

Mwa mawu onse a padziko, Atate anatsala ndi amodzi okha: "basi". Akafuna madzi, basi. Akamva kuwawa, basi. Akafuna kuti ndichoke, basi, akafuna kuti ndikhale, basinso. Munthu amene ankaimba ng'oma yaikulu ya mganda mpaka anthu a ku Likoma kumufunsa dzina, tsopano ankangoyang'ana masamba a mango, malovu akutsikira pachibwano.

Mwezi unatha, wina unatha, mvula inayamba. Kwathu mvula ikayamba msewu umasanduka phala, shapa, timabasi tonyamula anthu, sizifika. Kutsogolo kuli nyanja, kumbuyo kuli mapiri, ndipo ine ndinkaona ngati zonse ziwirizo zikusendera pafupi tsiku ndi tsiku.

Chimene ndinali nacho cha ku Lichinga chinali kakhadi ka nyimbo m'foni. Anandipatsa ndi mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi, mwana wa ku Beira wokonda malaya akuda. M'kakhadimo munali zimbale za gulu lina la ku Serbia. Pondipatsa anandifotokozera ngati mphunzitsi. Anati nyimbo zoterezi amazitcha metal, koma izi ndi za mtundu wa sinfoniku, kutanthauza kuti muli mavayolini ndi kwaya, komanso progresivu, kutanthauza kuti nyimbo siyenda njira yowongoka. Ndinangomuseka. Serbia sindinkadziwa n'komwe kuti ali mbali iti, ndipo ku Lichinga sindinazimvetsere ngakhale kamodzi.

Ku Lunho ndinazimvetsera chifukwa kunalibe china. Chimbale choyamba chinkayamba ndi mavayolini, pang'onopang'ono, ndi kwaya ya mawu ambiri ngati ya kutchalitchi tsiku la Pasaka. Ukangoti wakhazikika, magitala ankalowa ngati injini ya boti ikamalira pafupi ndi khutu, ndipo ng'oma ankaziponda ndi miyendo yonse iwiri, ngati matalala pamalata. Woimbayo anali mwamuna, koma mawu ake ankakwera mpaka kumene amafika atsikana a m'kwaya. Zimbale zina ankaimba m'chilankhulo chawo, china m'Chingerezi. Kwa ine zinali chimodzimodzi, sindinkatolapo kanthu. Koma ndinkamva kuti munthuyo akukuwa ndi chifuwa chonse, chinthu chimene ine sindikanachita pakhomo pa wodwala. Ndinkaika timawaya m'makutu ndikuchapa nsalu zoipitsidwa, n'kumusiya iyeyo akuwe m'malo mwanga.

Nyimbo zake zinali zazitali. Ina inkakwana kuchapa, kutsukuluza ndi kuyanika. Inkasintha ngati nyengo ya panyanja: apa bata, piyano yokha, apo namondwe. Ndinazikonda chifukwa pamene zinkalira ndinkakhala kwina, kudziko lozizira limene ndinkangolipeka m'mutu, la misewu yoti munthu ukhoza kuyenda osafika kumapeto.

Kenako timawaya tija tinaduka. Ndinayamba kuliza nyimbozo poyera, motsitsa. Tsiku loyamba Amayi anaima ndi lichero la chinangwa m'manja, n'kutchera khutu.

"Kodi anthu amenewa akuimba kapena akumenyana?"

"Akuimba, Amayi."

"Nanga amavina bwanji? Iwe, usatibweretsere ziwanda pakhomo pano. Matenda alipo kale."

Ndinawauza kuti muli kwaya ngati ya kutchalitchi. Anati Satana nayenso anali wa m'kwaya. Komabe sanandiletse, mwina poona kuti ndikangozimitsa ndinkakhala duu ngati chitsa.

Masana ena ndinkawatikita Atate mkono wakufa uja ndi mafuta, foni ili pamphasa ikulira. Ndinamva kaphokoso, tha, tha, tha. Linali dzanja lawo lamanzere, likumenya mphasa motsatira ng'oma. Ndinasiya kutikita. Dzanjalo linkayenda bwinobwino, molimba, ngati kale. Ndiye nyimbo inafika pamalo ena pamene ng'oma imadumpha, ngati munthu woyenda amene waphonya phazi limodzi. Dzanja la Atate linagwera pachabe. Anakwinya nkhope mbali imene inkakwinyika.

"Basi," anatero.

Ndinazimitsa, poganiza kuti yawasowetsa mtendere.

"Basi! Basi!" Diso lili pafoni.

Ndinabweza nyimboyo. Anayambanso kumenya, ndipo pamalo omwe aja anaphonyanso. Anapuma mwaukali ngati mmene ankachitira mwana akalakwitsa sitepe ya mganda. Tinabweza mpaka batire inatha. Mawa lake, ndisanawaveke n'komwe malaya, anali akuloza kale ndi chibwano kasola kathu kotchajira kuti ndiike foni padzuwa.

Kuyambira pamenepo zimbale zija zinasanduka ntchito ya Atate. Mavayolini analibe nawo ntchito. Woimba akakwera m'mwamba ankatseka maso ngati wamva fungo loipa. Iwo ankafuna woimba ng'oma yekha, munthu amene sanamuonepo, ndipo ankalimbana naye ngati mdani. Nthawi zina ine ndinkatopa. Nyimbo zimene zinali pothawira panga zinali zitalowa m'ndende momwemo, ndipo ndinkabweza kachigawo kamodzi mpaka kudana nako.

Mvula ili pakati, mnzanga wa ku Beira uja anaimba. Anati kusukulu anena kuti amene anaphonya mayeso apatsidwa mwayi wina sabata yotsatira, ndipo ukadutsa umenewo dzina lifufutidwa. Ndinaimbira achimwene ku Nampula.

"Pirira pang'ono, mphwanga," anatero achimwene. "Chaka chino zinthu zavuta. Sukulu siithawa."

Ndinapita kwa alamu anga kukawapempha kuti atsale akusamalira Atate. Iwo ndi munthu wofatsa, wosadziwa kukana. Anakanda m'mutu nthawi yaitali, kenako anati, "Pitani, alamu. Tiyesa."

Ndinanyamuka m'mawa wapansi, kuti ndikapeze shapa ku Metangula. Atate sindinawatsanzike bwino, ndinangoti ndibwera. Panyanja panali mphepo ya mpoto, palibe boti limene likanayenda, choncho njira inali imodzi. Nditafika pamtsinje umene timawoloka popita ku Metangula ndinapeza anthu atakhala pansi ndi njinga zawo ndi matumba a usipa. Madzi anali ofiira, akukokolola mitengo yathunthu ndi mizu yake. Tsidya linalo kunalinso anthu, akutiyang'ana ife monga ife tinkawayang'anira iwo. Bambo wina anayesa kulowa ndi ndodo, madzi anamufika m'chifuwa asanayende n'komwe, anzake anamukoka. Ndinakhala pamwala, kachikwama pamiyendo, ndikuyang'ana kumapiri kumene mitambo inali ikuunjikanabe. Dzuwa litapendeka, mayi wina wogulitsa nthochi anati, "Amene muli ndi kwanu pafupi bwererani. Mtsinjewu suphwa sabata ino."

Ndinabwerera. Alamu ndinawapeza atakhala panja pa khomo, chipewa chili m'manja. Ataona ine anaimirira, maso pansi.

"Alamu, ndinalowa," anatero. "Ndinagwira nsalu. Koma ndi apongozi anga aja. Manja anakana."

Ndinawadutsa n'kulowa. Amayi anali atayesa okha kuwatembenuza Atate, koma msana wawo sukanatha. M'nyumba munali fungo. Atate anali chigonere mbali imene ndinawasiyira, nkhope ili kukhoma. Ndinatenthetsa madzi, n'kuwasambitsa. Nthawi yonseyo sanandiyang'ane, ndipo ngakhale "basi" sananene. Kachikwama kaja ndinakapachika pamsomali. Mayeso anadutsa mtsinje usanaphwe.

Masiku otsatira foni sindinaiyatse. Ndinkagwira ntchito ngati ng'ombe yapangolo. Atate ankaloza ndi chibwano, ine n'kumayang'ana kumbali. Tsiku lina ndikuwamwetsa phala, anayamba kumenya mphasa popanda nyimbo. Ndinazindikira kachigawo kovuta kaja. Anafika podumpha paja, dzanja linaima m'mwamba kanthawi kochepa, n'kugwa pamalo pake penipeni. Anabwerezanso, osaphonya. Anali atakhala akuiphunzira m'mutu masiku onse aja ndinawamana. Ndinakatenga foni, tinayatsa, ndipo anayenda naye woimba ng'oma wa ku Serbia uja kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Itatha anandiyang'ana, mbali yamoyo ya pakamwa itakwera m'mwamba.

Mvula itatha, anzawo awiri a gulu la mganda anabwera kudzawazonda, madala a imvi. Mmodzi anali atanyamula ng'oma yaing'ono pansi pa mkono, poti anamva kuti dzanja la mnzawo likuyenda. Anaiika pambali pa mphasa. Atate anaisisita chikopa, kenako anayamba kumenya mganda. Madala aja anaomba m'manja, wina anaimirira n'kuponya mwendo. Ndiye mwadzidzidzi Atate anatembenuza n'kulowetsa kudumpha kuja. Wovinayo anatsala mwendo uli m'mwamba.

"Aa, achimwene, matenda akulowani mpaka m'ng'oma?" anafunsa. "Ikutsimphinatu iyi."

Atate anabwereza dala, akumuyang'ana m'maso. Ndinayatsa foni kuti amve kumene zachokera. Madala anamvetsera atapendeketsa mitu.

"Azungu amenewa ali ndi mphamvu," anatero wa ng'oma uja, "koma kwawo kuyenera kuti kuli miyala yambiri. Munthu sangayende chonchi pamchenga."

Atate anaseka. Kunali kuseka koipa, kokhala ngati kutsamwa, misozi ikutuluka diso limodzi, koma kunali kuseka, ndipo Amayi anatuluka m'khitchini kudzaona. Ng'omayo madala anaisiya pakhomo.

Mnzanga wa ku Beira anamaliza sukulu n'kupeza ntchito. Ankaimbabe mwa apo ndi apo. Ulendo wina anandiuza kuti gulu lija latulutsa chimbale chatsopano, anditumizira. Kuti munthu ulandire chinthu chotero kwathu umayenera kukwera kaphiri ka kuseri kwa mudzi, kumene netiweki imagwira. Ndinawatembenuza Atate, n'kuthamanga. Ndinaima pamwamba foni ili m'mwamba ngati ndikupereka nsembe, kamzere kakuyenda ngati nkhono. Kuchokera pamenepo ndinkaona msewu wa ku Metangula ukukhota n'kubisala, ndi denga lathu pansi, ndipo ndinkadziwa kuti nthawi yotembenuza yayandikira. Ndinatsika ndi nyimbo imodzi yathunthu ndi ina yoduka pakati. Yodukayo inkathera pamene gitala yangoyamba kukwera. Atate ankatsala dzanja lili m'mwamba, n'kundiyang'ana ngati ndine ndadula. Ndinakweranso kangapo, koma sizinatheke, ndipo kenako mnzangayo anasintha nambala.

Atate anakhala choncho zaka zingapo. Zilonda sanachite, zimenezo ndinganene. Anamwalira nyengo yozizira, chifuwa chitawagwira, mwera ukuwomba. Achimwene anafika kuchokera ku Nampula tsiku loika, atavala jekete labwino, ndipo analira kwambiri pamanda.

Anthu atabalalika tinakhala pansi apabanja kukambirana. Maso a Amayi anali atayamba kuchita khungu, usipa ankausankha ndi zala. Achemwali anali ndi ana awo ndi nyumba yawo. Ine ndinali nditaganiza kale zoti ndinene. Ndinkafuna kupita ku Lichinga, ngakhale kukangothandiza amisiri a magetsi kunyamula makwerero. Ndinatsegula pakamwa, koma achimwene anayamba ndiwo, dzanja lawo lili paphewa langa.

"Mphwanga, wagwira ntchito yaikulu, tonse taona. Ndiye poti iwe wazolowera kale kuno, ukhale ndi Amayi. Ife tizithandiza kuchokera uko."

Onse anagwedeza mitu. Amayi anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mpweya wanga, akudikira.

"Chabwino," ndinatero.

Achimwene ananyamuka m'mawa mwake pa njinga yamoto, kuti akapeze shapa yoyamba.