Tsigiro si gadivani

Loweruka lapitali, pa 14 Juni, nthawi ya 3 koloko masana, liwu limodzi linatsala pang'ono kupha ukwati ku Kamushanga. Ine ndinalithandizira.

Tinapita kukafunsira mbeta mwana wa mlongo wanga, Lemekezani, titanyamula mbale za chikole monga mwa mwambo. Wotilankhulira anali a Mwale a ku Kasanda, nkhalamba yomwe inagwirapo ntchito pa sitima za pamadzi ku Malawi isanabwere kuno kudzakumba mtovu. Bambo a mtsikana, a Tembo, anakalambira pa ntchito ya njanji.

Zinkayenda bwino mpaka a Mwale anafuna kukometsa.

"Mwana wanu Agnes tikamusunga bwino. Kwathu akakhala kutsigiro."

"Ku chani?" anafunsa a Tembo.

Maso onse anagwera pa ine, poti ndine ndinafika Fomu 5. Liwulo ndinali nditangolimvapo patali, koma wa Fomu 5 anganene kuti sadziwa?

"Ndi kumbuyo kwa sitima," ndinatero.

Tsono owerenga, mu Kabwe muno sitima timadziwa imodzi, ya panjanji, ndipo kumbuyo kwake kumakhala kangolo ka gadi.

"Gadivani?" a Tembo anadzuka. "Mwana wanga azingodonsewa kumbuyo na nyali yofiira? Awe, ba Mwale, tengani mbale zanu!"

Akazi awo anathirira ndemanga ali pakhomo: "Mnyamata wanu ni injini, ka? Manje akwatire malasha."

Tinatuluka mbale zili kukhwapa.

Panjira, tikukankha njinga, a Mwale anandiphunzitsa. Mphuno ya sitima ya pamadzi ntchito yake ndi kung'amba madzi ndi kunyowa basi. Tsigiro ndi chitsulo chakumbuyo, chobisika m'madzi, ndipo kumene lakhotera ndi kumene sitima yonse imapita. "Ine ndimamupatsa mwanayo nyumba yonse," anatero, "inu mwamupatsa nyali."

Safunsa anadya phula. Koma kodi phulalo ndinadya ndekha? Ife a tauni ya njanji tinazolowera kuti wotsogola ndiye wolamula. Pamsonkhano wa chipani timaponderezana pa mabenchi akutsogolo kuti atcheyamani ationere pafupi. Tikamatuluka n'kupeza kuti nkhani inatha kale dzulo, kumpopi, pakati pa amayi aja anakhala kumbuyo osayankhula. Nanga kwanuko, sukulu ya ana anasankha ndani? Musayankhe mokweza.

Lamulungu m'mawa, Misa isanayambe, ndinajambula sitima pa katoni, tsigiro ndinalikuza dala, n'kupalasa kupita kwa a Tembo. Anayang'anitsitsa chithunzicho nthawi yaitali.

"So woyendetsa ni Agnes?"

"Eya, bambo."

Anacheuka kuona ngati akazi awo ali pafupi, kenaka anatsitsa mawu.

"Bweretsani mbale. Koma mnyamata musamuuze, azadziwira momwe tinadziwira ise."