Mwana wa ku Ndake Anadikila Dzina

Tamvelani anzanga a ku Nyampande, ndapita, ndabwela, mtima wanga mbee!

Lachiwili m'mamawa ndinakwela njinga yamoto, makwacha makumi asanu mpaka Petauke, nkhuku m'manja, nshawa kumsana. Ulendo wa kwa mwana wanga Esinati, amene sindinamuone zaka ziwili. Ukwati wake ndinaukana ine. Mwamuna wake ndi wa aja anathawa nkhondo ku Mozambiki, ndipo kwathu timati anthu amenewo ndi ouma mtima, nkhondo inawalowa m'magazi. Tsopano Esinati wandiimbila foni kuti wabeleka. Kodi andilandila, kodi andionetsa msana?

Pa Petauke, minibasi ya ku Nyimba, makwacha zana. Kondakitala akuti, "Agogo, nkhukuyo ilipilenso, yakhala bwino kuposa inu!" Ine ndikuti, "Mwanawe, ikaikila dzila ndi lako." Bambo wina wachipewa pambali panga, atamva kumene ndikupita, anapukusa mutu. "Kwa a ku Mozambiki? Amai, mukagone ndi nsapato kumapazi." Ndinavomela, ee, ndinavomela, manyazi anga!

Dzuwa pamutu, Nyimba. Nthochi uku, nthochi uko! Ndinadya zinayi, mantha osachoka. Kenaka lole ya thonje mpaka Ndake, fumbi m'kamwa, fumbi m'makutu.

Amene anandithamangila si Esinati ayi. Ndi apongozi ake, asewele anga amai Luwiza, nkhalamba inzanga yokoka mwendo. Anagwada pafumbi, m'manja phu phu phu.

"Asewele, mwafika! Masabata atatu mwanayu tikungomuitana Iwe. Dzina tasungila inu."

"Ine? Ine amene sindinavine paukwati?"

"Amai anga ndinawasiya kutsidya ku Mozambiki osatsanzika," anatelo. "Mwana wa mnzanga asataye amake ali moyo, ine ndikupenya."

Esinati anatuluka pang'onopang'ono, nandiika khanda pamiyendo. "Amama, foni ija sindinafune kuimba. Anandikakamiza ndi awa."

Mayo ine! Zaka ziwili ndinaweluza mtundu wonse, madzi a pakhomo pawo osalawako. Zoipa zawo ndinazimvela pachitsime ndi m'basi, zabwino ndadzionela ndi maso anga. Zikomo Mulungu, zikomo asewele, zikomo ngakhale fumbi la mseu!

Ndinanyamula kamtsikanako m'mwamba. "Tiyanjane! Dzina lako ndiwe Tiyanjane!"

Amai Luwiza anayambitsa nthungululu, ine ndinalandila. Anthu a pafupi anathamangila kudzaona, osadziwa kuti yathu ya Nsenga ndi iti, ya Mozambiki ndi iti.