Mayi Werengani ndi Foda ya Malikisi

Pasukulu ponse palibe amene ankawatchula dzina lawo lenileni. Aphunzitsi, alonda, ngakhale ahedi amene, onse ankangoti Mayi Werengani. Dzinalo linachokera pakamwa pawo pomwe. Munthu akalowa mu ofesi n'kunena kuti kompyuta yakana, iwo sankadzuka n'komwe pampando.

"Yalemba chiyani?"

"Kaya, panatuluka kabokosi, ndiye ndangotseka."

"Mwatseka! Makina akukuuzani pamene pakuwawa, inu mukuwatseka pakamwa? Bwererani. Werengani!"

Ntchito yotaipa anaiyamba ali mtsikana, pa makina a riboni aja odetsa zala, ndipo anakhala zaka makumi awiri ndi zisanu pa desiki imodzimodziyo. Makompyuta a pasukulupo atakalamba n'kuyamba kuyenda ngati akudwala nyamakazi, ahedi analamula kuti akaunjikidwe m'chipinda cha mipando yothyoka. Mayiwa anakana. Mng'ono wawo wa ku laibulale anawabweretsera fulashi yokhala ndi Linakisi, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene aliyense amaloledwa kuitenga ndi kuigawa mwaulere. Anaiphunzira okha nthawi ya nkhomaliro kwa miyezi inayi, akulakwitsa, akutukwana chamumtima, akulemba zonse m'kope. Makompyuta asanu anadzuka.

Aphunzitsi anazolowera malangizo awo. Usanakuwe, suzumira kaye kumbuyo uone ngati chingwe chalowa. Pulogalamu ikauma, itseke yokhayo, osathamangira kuzula magetsi. Koma chimene ankalalatira kwambiri chinali chiwindo chakuda cha pakompyuta chimene munthu amalembamo malamulo olamula makinawo.

"Mzere umene simukuumva musaulembe mmenemo. Makinawa safunsa kawiri. Mukawauza kuti fufuta, amafufutadi."

Kenako kunabwera adepute atsopano, achiwiri kwa ahedi, bambo a tayi ndi nsapato zonyezimira. Sabata yoyamba yomwe anafuna pasiwedi yaikulu, yotsegula chilichonse m'kompyuta ya mu ofesi. Mayi Werengani anakaniza. Ahedi anati, "Apatseni mayi, ndi akuluakulu anu." Anapereka, mano ali gwa.

Lachinayi lina, kutatsala masiku ochepa kuti teremu itsekedwe, mayiwa anaperekeza amuna awo kuchipatala. Tsiku lomwelo pulinta inakana kusindikiza malipoti a ana. Adepute anafufuza pafoni n'kupeza mzere umene munthu wina analemba pa intaneti, woti umayeretsa zotsalira. Anaukopera m'chiwindo chakuda, pamalo pofunika dzina la foda anaikapo la foda ya malikisi, n'kulemba pasiwedi. Malikisi a ana mazana anayi anapita.

Lachisanu m'mawa mayiwa anapeza aphunzitsi onse atadzaza mu ofesi, adepute ali pakati akulankhula.

"Ndinanena kale ine. Zinthu zaulerezi mapeto ake ndi amenewa. Sukulu yonse kudalira pulogalamu yotola, yoikidwa ndi munthu wopanda ngakhale pepala la zamakompyuta!"

Mayi Werengani anaika chikwama pansi pang'onopang'ono.

"Pepala? Mwati pepala, bambo? Tasunthani."

Anakhala pampando, n'kutsegula chiwindo chakuda, n'kulemba liwu limodzi. Pa sikirini panatsika mndandanda wa malamulo onse amene analembedwapo.

"Bwana, bwerani pafupi, muvale magalasi. Chiwindochi chimasunga zonse. Mzere womalizawu ukunena kuti fufuta foda ya malikisi ndi zonse zili m'katimo, usafunse. Makina angadzilembere okha zimenezi? Pasiwedi tili nayo anthu awiri. Ine dzulo ndinali pamzere kuchipatala, amuna anga akupuma movutikira. Ndiye analemba ndani? Mzukwa?"

Adepute anayamba kukonza tayi.

"Ine ndimangofuna kuthandiza, pulinta ija..."

"Pulinta!" Mayiwa anagwada, n'kulowetsa dzanja kuseri kwa desiki, n'kutulutsa chingwe chili lendelende. "Okolopa anasuntha desiki, chingwe chinasololoka. Basi! Matenda ake anali amenewa. Mwapha ntchito ya teremu yathunthu chifukwa choopa kudetsa mawondo a buluku!"

Mphunzitsi wina anaseka n'kudzigwira pakamwa. Ahedi anati, "Mayi, tiyeni tilankhule mwaulemu."

"Ulemu unali kuti pamene amandinyoza ine muli chete?"

Anatsegula dirowa ndi kiyi wa pakhosi n'kutulutsa kadisiki kamene ankakoperamo mafayilo onse Lachisanu lililonse asanaweruke. Pofika masana foda inali itabwerera. Koma zimene zinalowetsedwa kuyambira Lolemba, malikisi a makalasi awiri, munalibe. Zinafunika kutaipidwanso kuchokera pamapepala.

Ahedi analonjeza kuti adepute abwera Loweruka kudzathandiza. Loweruka adepute anatumiza uthenga woti mutu ukuwawawa. Mayi Werengani anataipa okha tsiku lonse, dzina ndi dzina, akumenya mabatani ngati alakwa ndi iwo, uku akuimbira foni kunyumba kufunsa ngati odwala amwa mankhwala. Lolemba ana analandira malipoti awo, ndipo pamsonkhano ahedi anathokoza "ofesi yonse chifukwa chogwirizana". Mayiwa anasintha pasiwedi tsiku lomwelo, ndipo panalibe amene analimba mtima kuipemphanso.

Teremu yotsatira kunabwera kalata yoti sukulu itumize munthu mmodzi ku maphunziro a makompyuta a milungu iwiri. Mayiwa anataipa okha yankho lake, ndipo dzina limene ahedi anasankha linali la adepute.

"Musakwiye mayi," anatero ahedi. "Inu mukudziwa kale. Ofunika kuphunzira ndi iwowa."

"Ndiye kuti pano munthu akaononga amapatsidwa ulendo, akakonza amapatsidwa Loweruka?"

Ahedi anayang'ana pawotchi n'kunena kuti ali ndi kalasi.

Adepute anabwerako ndi setifiketi ya m'felemu. Anaitanitsa mlonda, n'kukhomera msomali pakhoma la mu ofesi, pamwamba penipeni pa desiki ya mayiwa, n'kuipachika. Mayi Werengani anadikira kuti atuluke. Anatsitsa setifiketiyo, n'kukaisiya pa tebulo la eni ake chafufumimba, ndipo pamsomalipo anapachikapo ambulera yawo.