Mtengo wa pichesi umene unkabala zitsulo

Ndinali ndi zaka khumi pamene ndinakwera komaliza mtengo wa pichesi wa pa shedi ya bambo anga, a Damiano. Bambo ankapanga ngolo pafupi ndi msika wa Linthipe, pa malo a kuchikazi, poti anali mkamwini. Anali ndi khalidwe limene anthu ankaliseka. Ngolo yawo ikabwera yothyoka, ankachotsa chitsulo chothyokacho n'kuchipachika mumtengomo ndi waya, poyera, aliyense akuona. Lolemba m'mawa, chisanu chikuluma zala, ankaima pansi pa mtengowo ndi anyamata awo awiri a ntchito n'kumafunsana kuti chitsulocho chathyoka bwanji, nanga pa ngolo yotsatira asinthe chiyani. Ngakhale wongoyamba kumene ntchito ankaloledwa kunena kuti, "Apa mwalakwitsa ndinu, bambo." Wopachika ndinali ine, poti ndinali wopepuka. Mphepo ikawomba, zitsulozo zinkalira ngati mabelu a ku tchalitchi, ndipo kulirako ndinkakukonda.

Chaka chimenecho ngolo ya a Benedikito, mlimi wa ku Lobi, inkatsika chitunda itadzaza kachewere. Chitsulo cholumikiza ngolo ku goli chinaduka, ngolo n'kuponda mwana wawo wamwamuna. Kuchipatala anamudula mwendo. A Benedikito anabwera okha, anaponya chitsulocho pa mapazi a bambo, n'kubwerera osalonjera.

Amalume anga a Sitefano, mwini mbumba, anafika tsiku lomwelo.

"Alamu, ichi kakwirireni," anatero. "Tsoka silinunkha. Anthu aiwala."

"Si tsoka, alamu," bambo anayankha motsitsa mawu. "Ndinawotcherera ndine, ndipo mkati simunagwirane. Ndikachikwirira, mawa chidula mwendo wina."

Mayi anagwada pakhomo la shedi. "Bambo a Lusiya, ganizirani ana. Anthu akachiona, ndani adzagulenso ngolo pano?"

Bambo sanandilamule. Anangondiyang'ana, waya ali m'manja, maso ali psu. Ndinalandira wayayo n'kukwera. Chitsulocho chinali cholemera, chonunkha dzimbiri ndi ndowe, ndipo ndili m'mwambamo ndinkamva mayi akusisima pansi.

Mayi sananame. Mbiri inawanda mpaka ku Chongoni kuti ngolo za a Damiano zimadula miyendo, wokayika akaone yekha umboni mumtengo. Alimi anayamba kupita kwa mmisiri wina wa kutsidya kwa msewu. Ngolo zakenso zinkathyoka, tonse tinkadziwa, koma iye zidutswa zake ankaziponya m'chimbudzi. Anyamata a bambo anachoka mmodzimmodzi. Kusukulu anzanga ankatsimphina dala akandiona, ena n'kumaseka.

Koma Lolemba lililonse bambo ankaimabe pansi pa mtengo uja, wofunsana naye ndili ine. Anayamba kupanga ngolo imodzi yokha. Anaikapo unyolo woti ugwire ngati chitsulo chaduka, ndiponso buleki ya thabwa yofinya matayala. Ankabwereka ng'ombe, kudzaza ngoloyo miyala, kukaitsitsa pa chitunda, n'kubwera kudzasintha pena. Ankabwereza osatopa, uku chifuwa chimene anali nacho chikukulirakulira. Ngoloyo inatha, yokongola, yopaka utoto wobiriwira. Inakhala panja mpaka udzu unamera m'matayala, wogula osaoneka.

Bambo anamwalira nthawi ya dzinja. Abale awo anapempha kuti akaikidwe kwawo ku Chongoni, koma galimoto inatitimira m'matope tisanafike n'komwe. Panalibe kuchitira mwina, anthu anakatenga ngolo ija. Njira ya ku manda imatsika malo oterera, ndipo ine ndinkayenda kumbuyo kwa bokosi. Ng'ombe imodzi inaterereka n'kugwada. Munthu wina anakoka buleki, ngolo inaima nji, bokosi osasuntha. Nyimbo ya azimayi inadukiza pang'ono, ndipo ndinamva bambo wina kumbuyo akunong'ona kuti, "Koma ngolo iyi ndi yolimba." Ndinapsa mtima, ndipo kunena zoona, mpaka lero mtimawo sunazizire. Maliro atatha amalume anadula mtengo wa pichesi, zitsulo n'kupatsa ogula zakutha.

Lero ndimagwira ntchito kunja kwa dziko lino, mu fakitale yopanga zitsulo za ndege. Pakati pa fakitaleyo pali tebulo lofiira. Chitsulo chikalakwika, wochipanga amakachiika pamenepo, ndipo m'mawa tonse, mabwana omwe, timaimirira mozungulira n'kumafunsana kuti chalakwika bwanji, nanga tisinthe chiyani. Ndege ilibe m'mbali mwa msewu moti n'kuimika, choncho wobisa cholakwa ndiye amachotsedwa ntchito, osati wochiulula.

Tsopano ndikumvetsa kuti bambo sanalakwitse kupachika chitsulo chija. Chimene anasowa ndi anthu oima nawo pansi pa mtengo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo munthu woulula zolakwa zake pakati pa anthu obisa zawo amaoneka ngati wolakwa ndi iye yekha.

Tsiku loyamba limene ndinaika chitsulo changa pa tebulo lofiiralo, tonse tinaimirira mozungulira. Bwana anachitenga, anachitembenuza, n'kunena kuti, "Zikomo, Lusiya." Ndinatuluka panja n'kukalira kuseri kwa fakitale. Bambo anadikira mawu amenewo mpaka analowa nalo m'manda dzina loipa, ine ndinawalandira m'mawa umodzi.