Njomba za Dewaun

Dewaun Tolliver amagwira ntchito ku fakitale ya milamba, mbali imene amadula mitu. Amavala nsapato za mphira zofika m'maondo, ndipo akamaweruka amayenda ngati waponda minga, chifukwa bondo lamanzere limakana kupinda kukazizira. Zaka makumi atatu sanakwanitse. Mlendo sangadziwe kuti ameneyu ndi uja chithunzi chake chinaima pamsewu wolowera m'tauni mwathu, pakati pa minda ya thonje ya Mississippi, atakumbatira mpira pachifuwa.

Anabadwa wochepa thupi, mwana wachitatu wa mayi Earline, amene ankaphikira ana ku sukulu ya pulayimale. Bambo ake anapita ku Memphis kukafuna ntchito iye asanamere mano, ndipo mpaka lero akuifunabe. Luso la Dewaun linayambira pa lamba. Mayi Earline akati amukwapule, lamba ankamenya mpando, kapena khoma, kapena mlongo wake wosalakwa. Mwana ankangopinda chiuno, phazi uku thupi uko, wadutsa kale kunsi kwa mkono. Amene anaona koyamba ndi malume ake, a Cleve, omwe ankaswera pakhonde ndi chitini cha mowa.

"Achemwali, musiyeni mwanayo. Mukumenya nyumba yanu yatsopano."

"Nyumba yanji? Waba nyama mumphika uyu."

"Muonjezereni ina. Miyendo imeneyo idzatitulutsa m'chisakasa muno."

Ku sekondale anamuika m'timu ya mpira wa kwathu kuno, uja wonyamula m'manja n'kumagwetsana, kukhala wothamanga ndi mpira. Woponya mpira ankangomuika mpirawo pamimba, iye n'kulowa nawo pakati pa anyamata azisoti, zimphona zofuna kumugwetsa. Ankamudumphira n'kukumbatira mphepo. Lachisanu masitolo ankatsekedwa msanga, anthu onse ku bwalo kukaonerera njomba za mwana wa Earline. Ngakhale abusa ankaimirira pa benchi.

Koma wothamanga ali ndi ntchito yachiwiri, imene palibe amaiombera m'manja. Nthawi imene mpira sakumupatsa, pamene mnzake akufuna kuuponya kutali, iye amayenera kuima patsogolo pa woponyayo ngati chitseko. Mdani akabwera ndi liwiro, amukumane ndi chifuwa, agundane, kuti woponya apeze mpata. Ntchito imeneyi Dewaun sanaigwirepo. Kochi wa ku sekondale ankati mpeni wodyera sawazira nkhuni. Ikafika nthawi yoponya ankamutulutsa kuti akapume, n'kulowetsa mnyamata wina wojintcha woti akaphwanyidwe m'malo mwake. Ku koleji anachita chimodzimodzi. Ankamuthamangitsa ngati bulu Loweruka lililonse mpaka bondo kutupa, koma kutchinga ayi. Iwo ankafuna kupambana chaka chimenecho, za mawa lake sizinali zawo.

Kukolejiko anakwatira Marquita, mtsikana wogulitsa pa sitolo ya mankhwala, ndipo anabereka mwana wamkazi. Marquita ndiye ankadziwa zimene anthu a m'bwalo sankaona. Ankamumanga matumba a nsawawa za mufiriji pabondo, ankamuvula masokosi Lamlungu m'mawa iye akulephera kuwerama. Mwana akalira, bambo wake ankamunyamula atakhala pansi.

Chaka chomaliza kunayamba kubwera ofufuza osewera, otumidwa ndi matimu akuluakulu amene amalipira. Anamuyeza msinkhu, zikhatho, liwiro, anamupinda maondo ngati akugula ng'ombe. Mmodzi, wachikulire wa imvi, anamufunsa: "Unayamba waimapo kutchinga munthu?"

Dewaun anaseka. "Ine, bwana, anthu ndi amene amavutika kunditchinga."

Wa imviyo sanaseke. Anangotembenuka kukalankhula ndi wina.

Tsiku losankha osewera, mayi Earline anabwereka holo ya tchalitchi. Anali atatsanzika kale ntchito yophika, atauza akuluakulu a sukulu kuti afune wina. Anakazinga milamba, anaphika masamba ndi nyama ya nkhumba, tiyi wozizira wa shuga m'zidebe. A Cleve anagula zipewa za matimu osiyanasiyana n'kuziyala patebulo kuti dzina likangotchulidwa mwana avale choyenera. Dewaun anakhala kutsogolo ndi suti yatsopano, foni pabondo. Pa TV mayina ankatchulidwa, anyamata a kwina ankalira m'manja mwa amayi awo. Dzuwa litapendeka anthu anasiya kuyang'ana TV, anayamba kuyang'ana iye.

"Foniyo ili ndi moto koma?" anafunsa bambo wina kumbuyo.

"Mwina akumuimbira koma akuizinda," anayankha mnzake, anthu n'kuseka chamumtima.

Dzina lomaliza litatchulidwa, azimayi anayamba kukulunga nsomba m'mapepala kuti akadyere kunyumba. Holo itatsala pang'ono kuuma, foni inalira. Timu ina ya kumpoto inati abwere kudzayesedwa. Sanamusankhe, sanamulonjeze kanthu, anangoti pali bedi limodzi ku kampu. A Cleve anathamangira panja kukaitana anthu amene anali akulowa kale m'magalimoto.

Ku kampu kunali anyamata ochuluka kuposa malo. Osankhidwa ankayenera kupatsidwa ntchito, enawo kwawo. Pa othamanga ndi mpira, malo osatsekedwa anali amodzi okha, ndipo ankalimbirana Dewaun ndi mnyamata wina wochedwa miyendo, wa khosi ngati mtondo. Osewera akale sankavutika n'kuloweza mayina a atsopano. Dewaun ankangomuitana kuti Mississippi, n'kumusenzetsa zisoti zawo akamachoka pabwalo.

Tsiku loyamba anayesa njomba yake ya masiku onse. Anaima, anabwerera, anafuna kuzungulira cha kumphepete. Chimunthu chachikulu ngati firiji chinafika kumphepeteko iye asanafike, n'kumugoneka chagada.

"Uli bwino, Mississippi? Kuno ngakhale onenepa timathamanga."

Komabe pothamanga sanachite manyazi. Anaphunzira kusiya kuvina, kulowa pampata ukangotseguka, ndipo nthawi zina ankawasiya akale omwewo atagwada. Vuto linali pa kutchinga. Kochi wa othamanga, bambo Dabney, ankawaimika mmodzimmodzi patsogolo pa thumba loimira woponya, n'kutuma chimphona kuti chibwere ndi liwiro lonse. Dewaun ankatsinzina, phewa n'kupotoloka lokha.

"Watsinziniranji? Ukupemphera?" anatero a Dabney. "Yang'ana pamimba pake. Mimba sinama. Ponda pansi, mumenye iwe asanakumenye."

"Ndamva, kochi."

"Sunamve. Kwanu anakulera ngati dzira. Aliyense amene ukumuona pano anali mfumu kumudzi kwawo. Uyo woponya uyo, mkono wake ndi umene ukudyetsa nyumba yonseyi, ine ndemwe. Amene sangamuteteze sindimufuna, kaya amathamanga ngati mphenzi."

Dewaun sanali waulesi. Anzake akapita kukasamba iye ankatsala, kugunda thumba mpaka mapewa kuchita dzanzi. Ankapempha zimphona zija kuti zimubwerere kachiwiri. Pang'onopang'ono anayamba kuima. Ankagwa, koma ankagwa ali pamalo pake. Pa foni anauza Marquita kuti zayamba kulowa.

"Bondo bwanji?" anafunsa Marquita.

"Usatchule bondo pa foni, kuno makoma amamva."

"Amayi ako afunsa mtundu wa makatani a nyumba yatsopano."

"Uwauze adikire kaye."

"Awauze ndani? Ine?"

Kunabwera masewero oyeserera, a masana, bwalo lodzaza, TV ikuonetsa dziko lonse. Kwathu anthu anaunjikana kometera tsitsi ndi m'nyumba za anzawo. A Dabney anafuna kuona zenizeni, ndiye analowetsa Dewaun pamodzi ndi woponya wamkulu wa timuyo, amene ankayenera kusewera kanthawi kochepa chabe n'kukapuma. Kawiri anamupatsa mpira, ndipo ulendo wachiwiri anadyetsa munthu njomba mpaka bwalo linawuwa. Kenako inafika nthawi yoponya.

Dewaun anamuona mdani wofuna kugwetsa woponya asanayambe n'komwe kuthamanga. Anadziwa kuti ndi wake. Mpata unatseguka pakati, munthu uja anatulukira mutu uli pansi, palibe womugwira. Dewaun anaponda pansi monga anamuphunzitsira, anayang'ana pamimba, maso osatsinzina. Mumtima anati ndaima. Koma thupi limene anthu ankaliombera m'manja kuyambira lili ndi zaka zisanu linali ndi nzeru zake. Chiuno chinapinda, phazi linasuntha, munthu uja anadutsa osamukhudza ngakhale malaya. Inali njomba yokongola kuposa zonse zimene anachitapo.

Kumbuyo kwake kunamveka phokoso ngati akuthyola nzimbe. Woponya anali pansi, fupa la paphewa litathyoka, miyendo ikupalasa udzu. Dewaun anaima chilili, manja ali m'malo otchingira, patsogolo pake popanda munthu.

Pa benchi palibe anamutukwana. Anangosuntha, kumusiyira malo aakulu mbali zonse ziwiri. M'mawa mwake mnyamata wa mu ofesi anagogoda pachitseko n'kunena kuti kochi akumufuna, atenge zonse za timu. A Dabney sanamuuze kuti akhale pansi.

"Sindikuti ndiwe wamantha," anatero. "Wamantha ndimatha kumukonza. Iwe sunathawe, thupi lako ndi limene linakana. Zimenezo anayenera kuzichotsa uli mwana."

"Ndipatseni sabata imodzi, kochi."

"Ndikupatse ndani woti umutchinge? Woponya watsala mmodzi, ndipo ali ndi ana."

Pamene ankalongedza, wantchito anabwera n'kumatula kapepala ka dzina lake pakabati, iye ali pomwepo. Malo aja anapatsa wa khosi ngati mtondo. Matimu ena sanaimbe, chifukwa onse anali ataonera.

Anafika kwawo kanema wa njomba ija atafika kale. Anali m'foni ya aliyense, ena atamuikira nyimbo yovinira. Ana a sukulu akamasewera pamsewu, wina akalewa mnzake, ankati wachita Dewaun. Chithunzi cha pamsewu chija anachitsitsa n'kuikapo cha loya wa ngozi za galimoto. Kometera tsitsi a Cleve ndiwo ankatsogolera nkhani.

"Ine ndinkanena kuyambira kale. Mwana amene sanalawepo lamba sangalimbe. Achemwali anga anamulekerera."

"Si inu munagula zipewa, a Cleve?"

"Ndinagulira ulemu wa banja. Mumtima ndinkadziwa."

Mayi Earline anavala diresi la kutchalitchi n'kupita ku sukulu kukapempha ntchito yawo. Anapeza pali wina, ndipo anawapatsa yokolopa. Atabwerako anakhala patebulo, anavula nsapato, n'kumuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali.

"Ukanangoima, mwanawe. Akanathyola iweyo, bwenzi tikukulira ngati munthu. Pano ndikayenda m'tauni ndimayang'ana pansi."

Marquita yekha ndiye anachitapo kanthu. Anafunsa kwa msuweni wake za malo ku fakitale, anamugulira nsapato za mphira, anamuikira chakudya m'kontena. Dewaun anaima pamzere pakati pa anthu amene kale ankavala malaya a nambala yake. Kumeneko munthu amaima malo amodzi tsiku lonse, nsomba zikubwera, iye akudula. Kapitawo amakonda kunena pamaso pa onse kuti: "Tolliver, izi usazizinde, zilibe miyendo."

Chaka chino ku sekondale kwatulukira wothamanga wina, ndipo tauni yayambanso kutseka masitolo Lachisanu. Amuna akakangana ngati ameneyu adzafike kwa akuluakulu, funso limakhala limodzi: ndi weniweni kapena ndi Dewaun wina? Amafunsa chonchi ngakhale mwini dzina ali pamzere womwewo wogulira mafuta.

Pa chakudya cha mpingo mwezi watha, Dewaun ankathandiza kunyamula mbale za nsomba, mwana wake wamkazi atagwira thumba la buluku lake. Mayi wa wothamanga watsopanoyo anamukokera pambali. Dewaun anaika mbale pansi n'kupukuta manja. Anali ataganizira kwa masabata zimene angamuuze mnyamatayo: kuti akakamize kochi kumusiya m'bwalo nthawi yoponya, kuti aphunzire kugundidwa panopa thupi lisanaume.

"Achimwene, musandimve molakwa," anatero mayiyo, akumwetulira. "Ndamva kuti mumafuna kucheza ndi mwana wanga."

"Eya, mayi. Pali kanthu kamodzi kokha kamene..."

"Ndikupempha, musamuyandikire. Ngakhale moni wa m'manja. Si kuti ndimakhulupirira zamatsoka, koma tavutika naye kwambiri mwana ameneyu."

Dewaun anayang'ana mwana wake, amene anali atakweza mutu kumvetsera.

"Chabwino, mayi," anatero.

"Mulungu akudalitseni. Nsombazo mukazifikitse ku tebulo lathu zisanazizire."

Anawerama pang'onopang'ono, bondo lamanzere lili chowongoka, n'kunyamula mbale.