Lole yofiira ya Tadala

Ndinanyamuka ku Kaluluma 6 koloko m'mawa, m'chikwama muli lole yamatabwa ya mwana wanga Tadala ndi chitini cha penti chopanda dzina. Loleyo ndinaisema ndekha, n'kuikamo timabelo tamasaka ngati malole a fodya opita kuokushoni. Pentiyo inatsala titapaka jeke yodindira mabelo kuesiteti. Yofiira psuu! Tadala, poti mano akumera, ankailuma mpaka milomo kufiira, ine n'kumaseka kuti mwana wadzola ngati mkwatibwi. Kuseka kunatha amake atamva pa wailesi kuti penti zina zimakhala ndi mtovu, chitsulo choononga ubongo wa ana. Ndinati ndikadzifunsire ndekha kuboma.

Wakabaza ananditula pa Nkhamenya ndi K3,000, fumbi ndinadya laulere. Minibasi inali K6,000, ndipo kondakitala analibe khutu la zonenerera. Ndinakhala ndi mkulu wina wonyamula tambala.

"Mwayegha vichi, adada?" anandifunsa m'Chitumbuka zomwe ndanyamula.

Nditafotokoza, anatsegula chitini n'kununkhiza. "Iyi njabwino, ikununkha mphamvu."

"Ingotsukani ndi sopo," anatero mayi wina kumbuyo. Pofika pa Chatoloma aliyense m'minibasi anali dokotala, kupatula tambala. Ndinagula mbatata yootcha, koma nditayang'ana zikhadabo zanga zofiira, ndinadya ndi kapepala.

Cha m'ma 10 koloko ndinalowa m'shopu ya penti pa Kasungu. Wogulitsa anandionetsa zitini zolembedwa kuti mulibe mtovu. "Koma chanuchi, bambo, chilibe ndi dzina lomwe. Pitani kuchipatala."

Kumeneko ndinadikira pabenchi mpaka masana. Mayi wa zaumoyo anatembenuza lole ija, n'kupeza timabowo ta mano.

"Mtovuwo umaoneka bwanji, mayi?" ndinafunsa.

"Suoneka, sununkhanso. Popanda kuyeza sindinganene kuti ulimo kapena ayi, koma mwana si woyeserapo."

"Nanga ndikaipala pentiyo?"

"Ndiye mwaonjeza, fumbi lakelo apuma."

"Ndikapaka ina pamwamba?"

"Mano awa aiboola."

"Komatu akusewera bwinobwino."

"Kuipa kwake n'kumeneko, bambo. Kawirikawiri zimadzaoneka kusukulu, mwana osagwira kanthu."

Ndinachita mantha, sindinama. Mayiyo anandiuza kuti ndibwere naye Tadala amuone, tizimusambitsa m'manja asanadye, ndipo pomwe ndinkapentera ndikolope ndi nsanza yonyowa, osasesa. Kenako anafunsa akulemba: "Yotereyi munasema imodzi yokhayi?"

Pa Khirisimasi ndinasema zina zisanu ndi zitatu n'kugawira ana a matenanti anzanga. Ndinkayenda monyada mukomboni, ana akukoka malole anga ndi zingwe.

Pobwerera sindinacheze ndi munthu. Ndinatsika kabaza dzuwa litapendeka, n'kuyamba khomo ndi khomo ndisanamwe ndi madzi omwe. Ana analira, abale inu! Mayi wina anandinena kuti mphatso salanda, ine ndinangopepesa n'kufotokoza. Tadala naye anapisa m'chikwama, atapeza mulibe lole yake, poti ndinaisiya kuchipatala, anadzigwetsa pansi. Ndinamusiya alire. Ndinali nditaphunzira kuti penti ya jeke nja jeke, cha mwana chizikhala thabwa loyera.

Ndinatolera zisanu ndi imodzi. Ziwiri zinapita kale ndi mabanja omwe anabwerera kwawo ku Phalombe fodya atatha. Ndafunsa kapitawo, ndafunsa kutchalitchi, palibe akudziwa midzi yawo. Mwana mmodzi mwa awiriwo ndikumukumbuka bwino, anali asanayambe kuyenda.