Yankho la Bambo a Mwana Linali "Ainda"

Galimoto ya mpikisano ya amuna anga inkagona pabwalo pathu ku Lulimile. Ankapikisana nayo ndi anzawo pa msewu wowongoka, kamtunda kakafupi. Ataikamo turubo yaikulu yokankhira mpweya wambiri mu injini, makaniko anawachenjeza ine ndili pomwepo, mwana ali kumsana. Anati sentralina, kabokosi kamene kamayezera injini mafuta, ndi yakale, singapereke mafuta okwanirana ndi mpweya wonse umene turuboyo ikukankha.

Za injini sindizidziwa, koma ndinamva. Ndikamawapatsa madzi osamba ndinkafunsa, "Bambo a mwana, kabokosi kaja musintha liti?"

"Ainda," ankatero, kutanthauza kuti nthawi sinakwane. Ankafuna apambane kaye kamodzi, kenako agulitse galimotoyo tifolere nyumba ndi malata.

M'mawa wina mu Juni, kukuzizira mpaka zala kuuma, injini inakoka bwino kuposa kale, amuna anga n'kuponda moto mpaka pansi. Mafuta anaperewera monga ananenera makaniko, pisitoni ya m'kati mwa injini inasungunuka. Galimoto inabwera kunyumba chokokedwa ndi chingwe.

Pano ndimayanika nyemba pamwamba pake. Mvula ikayamba ndimasuntha mphasa ya mwana kuthawa podontha. Ndikafunsa za malata, yankho ndi lomwe lija, kungoti tsopano amalinena chapansipansi, osandiyang'ana.